Phata la atomu si mpira nthawi zonse

Akonzi,

Tikupempha malo m'nyuzipepala yanu kuti tikonze chithunzi chimodzi chimene chakhazikika m'mitu ya ana asukulu ndi ya akuluakulu omwe. M'mabuku a sayansi, ngakhalenso pa masamba a nyuzipepala, phata la atomu, lija ena amati nyukiliyasi, amalijambula ngati kampira kodzaza timikanda tofiira ndi toyera. Kwa mwana woyamba kumene, chithunzicho chimathandiza. Koma pa maatomu opepuka monga beriliyamu, kaboni ndi okosijeni chimasocheretsa, ndipo chimaphimba nkhani yokhudza thupi la aliyense amene akuwerenga kalata ino. Ife tili kuno ku Joni ndipo fizikisi ya phata la atomu ndiyo ntchito yathu. Tikufuna owerenga amve kuti maonekedwe a phata sajambulidwa ndi kamera, amachita kuyezedwa, ndipo kuyezako kuli ndi njira yake imene mwana wa ku Malawi angathe kuiphunzira. Umboni wina wofunika pa nkhaniyi unapezeka m'dziko lomwe lino la South Africa.

Tiyambe ndi kanthu kotchedwa alfa. Mapulotoni awiri ndi manyutironi awiri, tizidutswa timene timapanga phata, akagwirana amapanga alfa, lomwe ndi phata la heliyamu. Mfundo yake ndi yothina kwabasi. Kuti mumasule tizidutswa tonse tinayi pamafunika mphamvu ya 28.3 MeV, ndipo kungoigwedeza chabe kuti ichoke pa mpumulo wake pamafunika zoposa 20 MeV. Kuti muone kukula kwa muyesowu, atomu imodzi ya kaboni ikapsa pa mbaula imatulutsa pafupifupi 4 eV (eV ndi kamuyeso kakang'ono ka mphamvu). KeV imodzi ndi ma eV 1,000, ndipo MeV imodzi ndi ma eV 1,000,000. Chifukwa cha kuthina kumeneku, m'maatomu ena opepuka tizidutswa ta m'phata sitisakanikirana ngati phala, koma timakhala m'timagulu ta alfa.

Beriliyamu-8 (nambalayo ndi chiwerengero cha tizidutswa ta m'phata) ndi maalfa awiri ogundana, ngati njere ziwiri m'khoko limodzi la mtedza. Sakhalitsa: sekondi imodzi mutaigawa ka 10,000,000,000,000,000, gawo limodzi ndiyo nthawi ya moyo wake, kenako maalfawo amapatukana n'kugawana mphamvu ya 92 keV. Wonjezeranipo nyutironi imodzi, mwapeza beriliyamu-9 amene sasweka, chifukwa nyutironiyo imayendayenda pakati pa maalfa awiriwo n'kuwamanga pamodzi. Palinso litiyamu-11, amene Isao Tanihata ndi anzake anamuyeza ku Berkeley mu 1985: manyutironi ake awiri amayenda kutali ndi anzawo ngati nkhungu yozinga phiri, mpaka kanthu ka tizidutswa 11 kamatambasuka pafupifupi ngati phata la mtovu la tizidutswa 208. Mu 1968 Kiyomi Ikeda ndi anzake ku Japan anapereka lamulo lotsogolera ofufuza: timagulu timaonekera bwino phata likakhala ndi mphamvu yoyandikira malire amene lingaswekere kukhala timagulu timeneto. Kwa kaboni-12 malire a maalfa atatu ali pa 7.27 MeV, kwa okosijeni-16 malire a maalfa anayi ali pa 14.44 MeV.

Pa kaboni m'pamene pagona nkhani. Pafupifupi magawo 18 pa 100 a kulemera kwa munthu ndi kaboni, ndipo kaboniyo anapangidwa m'kati mwa nyenyezi zokalamba, pa kutentha kwa madigiri 100 miliyoni. Maalfa awiri amapanga beriliyamu-8, ndipo asanasweke, alfa yachitatu iyenera kum'peza. Mu 1953 Fred Hoyle anawerengera n'kuona kuti njira imeneyi singakwanitse kupanga kaboni wochuluka chonchi pokhapokha phata la kaboni-12 litakhala ndi khwerero la mphamvu pamwamba pang'ono pa malire aja. Ward Whaling ndi anzake ku yunivesite ya Caltech ku America anafufuza chaka chomwecho ndipo analipeza. Lero timaliyeza pa 7.654 MeV, kutanthauza 380 keV pamwamba pa malire, ndipo limadziwika ndi dzina la Hoyle. Kaboni akafika pa khwerero limeneli, pafupifupi nthawi zonse amaswekanso kubwerera ku maalfa atatu. Ndi maulendo anayi okha pa 10,000 pamene amatsika n'kukhazikika, kawirikawiri potulutsa kuwala kwa gama kawiri, kwa 3.21 MeV kenako kwa 4.44 MeV. Kaboni wa mu nsima, m'makala ndi m'magazi anadzera pa kakhomo kameneka.

Nanga maalfa atatuwo amakhala motani pa khwerero la Hoyle? Mu 1956 Haruhiko Morinaga anati mwina amandanda mzere umodzi wowongoka. Mu 2001 Tohsaki, Horiuchi, Schuck ndi Röpke anati amakhala motayana ngati mpweya, onse atatu akuyenda mofanana. Kuwerengera kwa makompyuta akuluakulu cha m'ma 2012 kunapereka mkono wopinda pa chigongono. Maganizo atatu, phata limodzi. Woweruza ndi muyeso.

Njira yoyamba yoweruzira ndi kazungulidwe. Phata losakhala lobulungira limatha kuzungulira, koma silizungulira mwachisawawa. Lili ndi makwerero ake amene timawalemba 0+, 2+, 4+. Tengani musi ndi mwala zolemera chimodzimodzi. Musi ukamazungulira chopingasa, kulemera kwake kuli kutali ndi pakati, choncho umafika pa mlingo womwewo wa kazungulidwe ukuyenda pang'onopang'ono ndiponso ndi mphamvu yochepa. N'chimodzimodzi ndi phata: likatalika, mpata wa pakati pa 0+ ndi 2+ umachepa. Kaboni-12 wopuma ali ndi 2+ pa 4.44 MeV ndi 4+ pa 14.08 MeV. Gawani nambala yachiwiriyo ndi yoyamba, mupeza 3.2, pafupi ndi 3.33 imene chinthu chozungulira chimayenera kupereka. Alinso ndi 3- pa 9.64 MeV, ndipo mu 2014 gulu la ku Birmingham linapeza 5- pa 22.4 MeV. Mndandanda wotere ndi umene mungayembekezere ngati maalfa atatu akhala monga mafuwa, motalikirana mofanana, chonsecho chili chophwatalala ngati dzungu. Choncho pofuna kudziwa maonekedwe a khwerero la Hoyle, panafunika kupeza 2+ yakeyake. Kusakako kunatenga zaka zoposa 50.

Taonani momwe amayezera ku iThemba LABS ku Faure, pafupi ndi Cape Town. Kumeneko kuli cyclotron ya maginito anayi akuluakulu imene imathamangitsa mapulotoni kapena maalfa mpaka 200 MeV. Mtsinje wa tizidutswa timeneti, umene ogwira ntchito amangoti bimu, umayenda m'mapaipi opopedwa mpweya wonse. Bimu ya mapulotoni ya nanoampere imodzi yokha, kamuyeso kakang'ono kwambiri ka magetsi, ndi tizidutswa toposa 6 biliyoni pa sekondi. Chandamale chake ndi kapepala ka kaboni kolemera pafupifupi miligiramu imodzi pa sikweya sentimita, kochindikala ma micron asanu, pamene tsitsi la munthu limaposa ma micron 50. Kamamatidwa pa kafelemu kachitsulo, ndipo mpweya wa m'chipinda chake amaupopa pang'onopang'ono chifukwa mukafulumira kamang'ambika. Tizidutswa tambiri timangodutsa osakhudza kanthu. Kamodzi pa nthawi, kena kamagunda phata la kaboni n'kulisiyira mphamvu. Alfa yolowa ndi 200 MeV ikatuluka kutsogolo ndi 192.3 MeV, mwadziwa kuti yakweza kaboni kufika pa khwerero la Hoyle. Woyeza mphamvu yotulukayo ndi makina otchedwa K600: maginito amene amapinda njira ya kanthu kalikonse molingana ndi liwiro lake, kotero kuti kamphamvu zambiri kamakhota pang'ono, kofooka kamakhota kwambiri. Kumapeto kuli mabokosi a gasi odzaza timawaya amene amaonetsa pamene kanthuko kadutsa. Mukawerenga mamiliyoni a tizidutswa n'kujambula, mumapeza chithunzi cha mapiri ndi zigwa, nsonga iliyonse ikuimira khwerero limodzi.

Zolakwika zimayambira pa bimu yomweyo. Tizidutswa ta mu bimu sitikhala ndi mphamvu yofanana ndendende, ndipo kusiyanako kumafufutitsa nsonga. Mankhwala ake ndi kumwaza bimu pa chandamale mwadala, tamphamvu mbali ina, tofooka mbali ina, mwa muyeso woti maginito a K600 abweze kusiyanako. Zikatheka bwino, nsonga zotalikirana makumi ochepa a keV zimasiyanitsika, koma kukonza kumeneku kumadya maola ambiri. Poyeza kutsogolo kwenikweni, pa madigiri 0, bimu yonse imalowa m'makina pamodzi ndi tizidutswa tofunikato. Ikangokhula m'mphepete mwa paipi kapena mwa felemu, zinyalala zimadzaza chithunzi chonse. N'chifukwa chake amayamba ayeza ndi felemu yopanda kanthu. Ngati ikuwerengabe zambiri, vuto ndi bimu, osati kaboni.

Chandamale nachonso chimanamiza. Kaboni wachilengedwe ali ndi kaboni-13 wokwana 1.1 pa 100, chinyontho chimabweretsa okosijeni ndi haidrojeni, ndipo chilichonse mwa izi chimaika nsonga zake pa chithunzi. Pozizindikira amasintha ngodya ya makina. Phata lopepuka limakankhidwa kwambiri kuposa lolemera, motero nsonga ya mlendo imasuntha mosiyana ndi za kaboni-12. Nsonga imene yayezedwa pa ngodya imodzi yokha si yoti munthu n'kuilengeza.

Vuto lalikulu koposa ndi la chilengedwe chenicheni. Khwerero losakhalitsa limaoneka lotambalala pa chithunzi. 2+ imene ankaisaka ndi chitunda chotambalala 600 mpaka 800 keV, ndipo pamwamba pake penipeni paima nsonga yaitali yopyapyala ya 3- ya pa 9.64 MeV, pambali pake pali chitunda china cha 0+ cha pafupi ndi 10 MeV. Khwerero la Hoyle lomwelo lili ndi mchira wautali wofika m'dera limeneli, umene akatswiri amautcha mzukwa wake. Kuli ngati kusaka chulu chimene pamera mlambe. Chimene chimathandiza n'chakuti khwerero lililonse limawala ndi kuzirala pa ngodya zakezake: 0+ imawala kwambiri pa madigiri 0, ndipo 3- ili ndi ngodya pamene imazirala. Martin Freer ndi anzake anayeza ndi mapulotoni pa K600, nasankha ngodya zoterozo, ndipo mu 2009 anafalitsa umboni wa 2+ pa 9.6 MeV. Gulu la ku Osaka, pogwiritsa ntchito maalfa, linapeza 9.84 MeV mu 2011. Mu 2013 ku yunivesite ya Duke ku America anaswa kaboni ndi kuwala kwa gama, njira imene sidzutsa 0+ konse, ndipo 2+ inaoneka poyera pa 10.03 MeV. Manambalawa akusiyana pang'ono chifukwa nsonga ya chitunda chotambalala imadalira njira yoyezera ndi masamu ogwiritsidwa ntchito. Onse akugwirizana pa chinthu chimodzi: mpata wochokera pa khwerero la Hoyle ndi pafupifupi 2 MeV kapena kuposerapo pang'ono. Ndi wochepa kuposa 4.44 MeV, kusonyeza kuti phatalo lafufuma ndithu, koma ndi waukulu kuposa umene mzere wowongoka ungapereke.

Pa masamu aja tichenjeze ophunzira. Kuika mabelu ofanana mbali zonse pa chitunda chilichonse n'kosavuta, koma makwerero awiri a mtundu umodzi akayandikana amasokonezana ngati mafunde a pa nyanja, ndipo zotsalira za masamu olakwika zimaoneka ngati khwerero latsopano. Pamafunika njira yotchedwa R-matrix. Ntchito ya ku iThemba LABS yofalitsidwa mu 2022, yosaka kupuma kwa khwerero la Hoyle, kutanthauza kufufuma ndi kuphwa kwake, cha pa 9 MeV, inalimbana kwambiri ndi vuto limeneli.

Njira yachiwiri ndi kuona momwe phata limaswekera. Apa amazinga chandamale ndi timbale ta silikoni togawidwa m'timizere kutsogolo ndi kumbuyo, kuti mzere wa kutsogolo ndi wa kumbuyo zikalira pamodzi mudziwe malo amene alfa yagunda. Ku Faure timbale tisanu totere, totchedwa CAKE, timaikidwa kumbuyo kwa chandamale. Musanayambe, mzere uliwonse umayesedwa ndi gwero la maalfa odziwika mphamvu, monga americium-241 wa 5.486 MeV. Silikoni imawonongeka ikamenyedwa kwa masiku, magetsi odontha amakwera ndipo nsonga zimasuntha, choncho kuyesako kumabwerezedwa pomaliza. Ndi CAKE ndi K600 pamodzi, ofufuza anaonetsa mu 2017 kuti dera la 15 MeV la okosijeni-16, kumene ambiri ankayembekeza maalfa anayi otayana, likubisa khwerero lina limene linali lisanasiyanitsidwe.

Pa khwerero la Hoyle funso ndi lakuti: kodi maalfa atatu amachoka nthawi imodzi, kapena imodzi imatsogola n'kusiya beriliyamu-8? Ikatsogola imodzi, nthawi zonse imanyamula pafupifupi 190 keV, theka la mphamvu yonse, ndipo ziwiri zotsalazo zimatuluka moyandikana. Akachoka pamodzi, amagawana mosiyanasiyana. Mphamvu zimenezi n'zochepa kwambiri moti maalfa sangatuluke n'komwe m'chandamale ngati kaboniyo sakuthamanga, ndiye amasankha kagundidwe kamene kamam'kankha mwamphamvu. Misampha ilipo iwiri. Maalfa awiri oyandikana aja akagunda mzere umodzi, makina amawerenga ngati ndi imodzi. Ndipo bimu ikachuluka, alfa ya ku kugunda kwina imalowerera n'kuoneka ngati yachitatu, zimene zimapanga chithunzi chabodza cha kuchoka pamodzi. Kafukufuku wina wa mu 2011 ananena kuti kuchoka pamodzi kumafika 17 pa 100. Mu 2017 magulu awiri, la ku Birmingham ndi la ku Catania ku Italy, anayeza mosamala n'kupeza kuti sikufika ngakhale maulendo asanu pa 10,000. Komabe zimenezi pazokha sizitseka mlandu wa maonekedwe, chifukwa kukankhana kwa magetsi pakati pa maalfa kumakondera kale njira yotsogoza imodzi.

Zoyeza ziwiri za mu 2017 zija sizinafune makina aakulu, ndipo apa m'pamene nkhaniyi ikufika ku Johannesburg. Ku Birmingham anagwiritsa ntchito maalfa a 40 MeV. Ku Catania anawombera nayitirojeni-14 ndi phata la haidrojeni wolemera la mphamvu pafupifupi 10 MeV, kagundidwe komwe kaja ka mu 1953. Popeza nayitirojeni ndi mpweya, ofufuza kawirikawiri amapaka melamine, yemweyo wa mbale zodyera, pa kapepala ka kaboni. Abale ambiri amene amadutsa pa Empire Road m'mataxi sadziwa kuti pa malo a yunivesite ya Wits pali makina a tandem a mavoti 6 miliyoni, amene kale anali a likulu la kafukufuku la Schonland ndipo tsopano ali pansi pa iThemba LABS. Amagwira chonchi: atomu imapatsidwa elekitironi yowonjezera, imakokedwa kupita pakati pa thanki pamene pali mavoti ambiriwo, pamenepo imavulidwa maelekitironi, ndipo mavoti omwewo amaikankha kutulukira mbali ina. Pulotoni ingafike 12 MeV; kaboni wovulidwa mpaka kusowa maelekitironi anayi angafike 30 MeV. Masiku ano makinawa amadziwika kwambiri powerenga kaboni-14 pofuna kudziwa zaka za zinthu zakale, koma luso la bimu, la mpweya wopopa ndi la silikoni ndi lomwelo. Ku Faure nako, kuyambira 2023 kuli cyclotron yatsopano ya 70 MeV yopangira mankhwala a m'zipatala, cholinga chake china n'chakuti makina aakulu aja apeze nthawi yambiri ya kafukufuku.

Kwathu mawu akuti nyukiliya akamveka, anthu amaganiza za mabomba kapena za mgodi wa Kayelekera ku Karonga. Koma Malawi ndi membala wa IAEA, bungwe la dziko lonse loona za mphamvu ya atomu, kuyambira 2006, ali ndi lamulo la mphamvu ya atomu la 2011 ndi bungwe loyang'anira la AERA, ndipo chithandizo cha khansa pogwiritsa ntchito cheza chimafuna anthu odziwa kuyeza. Munthu amene waphunzira kusiyanitsa nsonga yeniyeni ndi yabodza pa kaboni-12 ndi yemweyo angayeze cheza m'madzi a pafupi ndi mgodi kapena kutsimikiza mlingo umene wodwala akulandira. Kuyeza kumatenga masiku ochepa, usana ndi usiku, koma kusanthula zotsatira kumatenga chaka kapena ziwiri, ndipo kumachitika pa kompyuta wamba. Mapulogalamu ake, ROOT ndi Geant4, ndi aulere. Wophunzira wa ku Zomba, ku Mzuzu kapena ku Thyolo amene amadziwa Linux, Python kapena C++, ndi masamu a mwayi, angathe kugwira ntchito imeneyi akupita ku labu kamodzi kapena kawiri. Tikupempha akuluakulu a madipatimenti a fizikisi kuti alembere magulu ofufuza a ku Wits ndi ku iThemba LABS n'kupempha kuyang'anira limodzi ophunzira a digiri yachiwiri. Tikupemphanso makolo amene ali kuno ku Joni, amene ana awo akukonda masamu, kuti afunse za maphunziro amenewa pa masiku amene mayunivesite amatsekulira alendo.

Kwa inu Akonzi, pempho lathu ndi ili. Mukalandira nkhani yoti asayansi aona maonekedwe a phata la atomu, mtolankhani wanu afunse kuti anayeza chiyani, pa ngodya zingati, ndipo gulu lina lapeza zomwezo ndi njira ina kapena ayi. Ndipo pa tsamba lanu la ana asukulu, m'malo mwa kampira ka timikanda kaja, tsiku lina mudzajambule mafuwa atatu, pambali pake makwerero a kaboni-12 ndi manambala ake: 0, 4.44, 7.65, 9.64 ndi 14.08 MeV. Aphunzitsi adzawauze ana agawe 14.08 ndi 4.44, kenako awafunse chifukwa chake yankho layandikira 3.33.

Ndife,
Aphunzitsi ndi ofufuza za fizikisi ochokera ku Malawi,
Braamfontein, Johannesburg